Kodi dziko la Ireland linasintha bwanji lamulo la kuchotsa mimba?

Mayi wina wandilembera imelo sabata ino. Mwana wawo wamkazi akuphunzira ku Dublin, likulu la Ireland, ndipo wawauza kuti kumeneko kuchotsa mimba nkololedwa. Mayiwa ndi Akatolika ndipo akudabwa: "Si dziko lomwe lija linkatumiza ansembe ndi masisitere mu Africa muno? Zinatheka bwanji?"

Mayi, mwana wanu sananame, koma zimenezi nzadzana. Mu 1983 anthu a ku Ireland anavota kuti m'malamulo oyendetsera dziko mulembedwe zoti moyo wa mwana wosabadwa ndi wa mayi wake ndi wofanana. Kuchokera apo, amayi zikwizikwi chaka chilichonse ankawoloka nyanja mwakachetechete kukachotsa mimba ku Liverpool kapena ku London. Mu 1992 boma linayesa kuletsa ulendo wotere kwa mtsikana wa zaka 14 yemwe anagwiriridwa, mpaka khoti lalikulu kwambiri m'dzikomo linachita kulowererapo nkumulola kupita.

Koma chomwe chinagwedeza mitima ndi imfa ya Savita Halappanavar, dokotala wa mano wochokera ku India, wa zaka 31. Mu Okutobala 2012 anagonekedwa pachipatala ku Galway ali ndi pakati pa masabata 17. Mimbayo ankaifuna. Madokotala anamuuza kuti apita padera, mwana sangapulumuke. Nsupa itasweka, iye anapempha kuti amuthandize mimbayo ituluke, koma anamukaniza poti mtima wa mwana unali ukugundabe. Mzamba wina anamufotokozera kuti lino ndi dziko la Chikatolika, mawu omwe anadzavomera yekha pa kafukufuku wa imfayo. Masiku anapita akudikira, tizilombo tinalowa m'magazi, ndipo pa 28 Okutobala Savita anamwalira.

Apa ndi pomwe ine mtima umandipweteka, Mayi. Lamulo linkalola kupulumutsa mayi ngati moyo wake uli pachiswe, koma silinkanena kuti chiswecho chimayambira pati. Dokotala woopa ndende amadikira kuti wodwala afike pakayakaya, pomwe matenda a m'magazi sadikira munthu. Ndikawerenga nkhaniyi ndimakumbukira kuti lamulo lathu ku Malawi nalonso limalola kuchotsa mimba pofuna kupulumutsa moyo wa mayi, ndiye funso lomwelo limagwera azamba ndi madokotala athu.

Kusintha sikunabwere ndi andale okha. Boma linasonkhanitsa anthu wamba 99, omwe mu 2016 ndi 2017 anamva madokotala, azamalamulo, azipembedzo komanso amayi omwe zinawachitikira. Pa 25 Meyi 2018 kunachitika riferendamu, ndipo anthu 66 pa 100 aliwonse anavota kuti ndime ya 1983 ija ichotsedwe. Dera la Donegal lokha ndilo linakana. Tisaiwalenso kuti nthawiyi nkuti chikhulupiriro cha anthu mwa atsogoleri a mpingo chitachepa chifukwa cha nkhanza zomwe zinaululika, zochitira ana ndi atsikana obereka asanakwatiwe.

Mpingo wa Katolika sunasinthe chiphunzitso chake, ndipo maepiskopi anapempha anthu kuti akane. Ambiri mwa omwe anavomera ndi Akatolika obatizidwa. Ena mwa iwo sangachotse mimba yawoyawo, koma sanafune kuti ndende ndiyo izilamula zochitika m'chipinda cha odwala.

Kuyambira Januwale 2019, mayi angathe kuchotsa mimba yosapitirira masabata 12, atadikira masiku atatu chionanireni ndi dokotala. Ikapitirira apo, zimaloledwa pokhapokha moyo kapena thanzi lake lili pangozi yaikulu, kapena madokotala atsimikiza kuti mwanayo sakhala moyo.