Mwana wanga wakondetsa mabuku a mizukwa

FUNSO: Azakhali, ndili ndi mwana wamkazi wa Fomu 2. Chitsekereni sukulu sakuchoka m'bulangete, akungowerenga mabuku a mizukwa omwe amabwereka ku laibulale m'tauni muno. Usiku akafuna kupita kuchimbudzi amadzutsa mng'ono wake kuti amuperekeze, koma kukacha walitenganso buku lomwelo. Akuti Azungu amawerenga zimenezi pa Khirisimasi. Kodi n'zoona? Nanga sizingamuitanire zoipa? Ndine mayi wa ku Chibavi, Mzuzu.

YANKHO: Mayi, mtima m'malo. Mwanayo sakunama, ndipo sakudwala.

Ku England Khirisimasi imagwa pakati pa chisanu. Cha pa 21 Disembala, ku London dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndiye tangoganizani kutalika kwa usikuwo kale kulibe magetsi. Anthu ankaunjikana pamoto n'kumaopsezana. M'chaka cha 1843 Charles Dickens adatulutsa A Christmas Carol, nkhani ya Scrooge, mkulu waumbombo yemwe adayenderedwa ndi mzukwa wa Marley, mnzake wa bizinesi, ukukoka unyolo patatha zaka 7 chimwalirireni. Kenaka kudabwera M. R. James wa ku King's College ku Cambridge, amene ankalemba nkhani zake n'kumawerengera anzake pa kandulo nyengo ya Khirisimasi. Buku lake loyamba la nkhanizi lidatuluka mu 1904. Mukasuzumira m'buku la mwana wanuyo mwina mupezamo limodzi mwa mayina awiriwa.

Kwathu kuno Disembala ndi wa mvula, thukuta ndi kupalira. Munthu akachoka kumunda amangogwa ngati chipika. Nyengo yathu ya zoopsa ndi inoyi, Juni mpaka kumayambiriro kwa Ogasiti, pamene chifunga chimaphimba Mzuzu mpaka nyumba ya aneba osaiona. Mwana wanu wangolondola kalendala yoyenera.

Ineyo ndidakulira ku Chiputula ndi agogo anga aakazi. Tikadya nsima ankakokera mbaula pakati, n'kukwirira mbatata m'phulusa. Akangoti "Padangokhala", ife "Tili tonse", miyendo yonse tapindira m'chitenje. Idalipo nthano ina ya mkamwini wobwera usiku kuchokera ku mowa, yemwe ankamva mapazi kumbuyo kwake podutsa pamanda. Akaima, mapaziwo amaimanso. Akayenda, nawo ayenda. Agogo akafika pamenepa ankasiya dala, n'kuyamba kutembenuza mbatata ndi kamtengo, pang'onopang'ono, ife mitima ili m'mwamba. Malata akangoti tha! chifukwa cha kuzizira, mlongo wanga ankakuwa, tonse n'kufa nazo nseko. Mpaka lero sindidziwa chomwe chinkamutsata mkamwini uja. Agogo adapita nacho chinsinsicho, ndipo ndimawakwiyirabe pang'ono.

Kukoma kwake kuli pamenepo, mayi. Thupi limachita mantha enieni, mtima kugunda, tsemwe pamkono, koma mutu ukudziwa kuti chitseko n'chokhoma ndipo amayi ali chipinda chinacho. Zili ngati tsabola wa kambuzi: umalira misozi uku ukuwonjezera wina. Nkhani yabwino ya mizukwa siifuna magazi ayi. Imangokuonetsa nsalu yagwedezeka popanda mphepo, zotsalazo umalize wekha. N'chifukwa chake ine buku ndimalikonda kuposa mafilimu aja a m'mavidiyo sho, ongowaza magazi ngati pabutchala.

Za kuitana zoipazo, pepala ndi inki siziitana kanthu. Chomwe mungayang'anire ndi tulo take. Ngati akulota zoopsa usiku ndi usiku, kapena akukana kugona yekha sabata yathunthu, muuzeni aziwerenga masana, madzulo atenge buku lina. Koma osamulanda. Mtsikana amene akuwerenga Chingerezi cha Dickens popanda womukakamiza, mayeso a Fomu 4 akawaona kupepuka.

Yesani izi Loweruka likubwerali: awerengere banja lonse nkhani imodzi, aziimasulira m'Chichewa kuti ang'onoang'ono amve nawo, kenaka inu mubweze ndi nthano ya kwanu. Koma chonde, mukamakagona mbaula itulutseni panja. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo, ndipo umenewo ndimauopa kuposa Marley ndi unyolo wake. Mng'ono wake woperekezayo mumugulire tochi.