Sonatine: zigawenga zosewera pamchenga

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti anaonera Sonatine, filimu ya ku Japan ya mu 1993, atamva kuti ndi ya zigawenga za yakuza, koma ili pakati tulo tinamuba. Ndiye akufunsa: "Akatswiri a mafilimu amaitamiranji chonchi, pomwe anthu ake amangosewera m'mbali mwa nyanja?"

Achimwene, simuli nokha. Itangotuluka, a ku Japan eni akewo sanaikhamukire, ndipo ndalama sizinabwerere. Takeshi Kitano, yemwe anailemba, kuitsogolera komanso kusewera ngati Murakawa, kwawoko ankamudziwa kuti Beat Takeshi, wanthabwala wa pa TV. Munthu amene wakhala akukuseketsani zaka ndi zaka, akangoti duu, mfuti ili m'manja, mumayembekezabe kuti aseketsa. Amene anayamba kumugwadira ndi a ku Ulaya, filimuyi itaonetsedwa pa chionetsero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, chaka chomwecho. Ku America inafika mochedwa, mu 1998, kudzera ku kampani ya katswiri wopanga mafilimu Quentin Tarantino, Kitano atapata kale mphoto ya Golden Lion ku Venice mu 1997 ndi filimu ina, Hana-bi.

Tsopano za pamchengazo. Murakawa ndi chigawenga cha ku Tokyo chomwe chatopa ndi ntchito yake. Bwana wake akumutuma ku chilumba cha Okinawa kukayanjanitsa magulu awiri, koma ndi msampha. Anyamata ake ena ataphedwa, otsalawo akubisala m'kanyumba ka kunyanja, kudikira. Ndiye atani? Akukumba maenje mumchenga kuti anzawo agweremo, akuchita gwiragwira wa sumo ngati tizidole ta pepala, usiku akuthamangitsana ndi makombola a zikondwerero. Penapake Murakawa akudziloza mfuti pamutu uku akumwetulira, anyamata ake mitima ili m'mwamba, kenako n'kupezeka kuti munalibe chipolopolo. Pamene inu munagonapo ndi pamene akatswiriwo amayamikira, chifukwa anthu akulu ndevu pepeya akusewera ngati ana koma woonera ukudziwa kuti imfa yawazungulira.

Nkhanza zilimo, osati pang'ono. Kumayambiriro amangirira munthu ku kireni n'kumumiza m'madzi, iwo akucheza za mphindi zomwe angapirire, mpaka kumuiwala. Koma si zija tinazolowera m'mavidiyo sho, zodumpha ndi kubisala kuseri kwa tebulo. Mu bala ina anthu amawomberana ataima chilili, nkhope zili gwa, masekondi owerengeka basi zatha. Ena zimenezi zimawanyansa, amati n'kuzizira mtima. Ine ndimaona kuti Kitano anachita dala kuti kupha kusakome m'maso.

Mukafuna kuyesanso, musaionere usiku mutakhuta nsima. Ndipo tcherani khutu ku nyimbo za Joe Hisaishi, yemwe uja anapeka nyimbo za m'makatuni a Hayao Miyazaki.