Kwa asisi ofuna digiri yachiwiri ya za umoyo wa mayi ndi mwana

Asisi, funso lanu ndaliona. Mwati ndinu namwino komanso mzamba, mwagwira ntchito zaka 6 pachipatala cha boma, ndipo mukusinkhasinkha ngati mupite ku Masters ya uzamba kapena ya Public Health, konkuno kapena kunja. Njira imeneyi ndinadutsamo, choncho ndilankhula momwe ndikuonera.

Choyamba dzifunseni kuti mukufuna manja anu akhale pati mukamaliza. Ngati mtima wanu uli m'chipinda chochiritsira, kuphunzitsa azamba achichepere ndi kuwongola momwe mayi amasamalidwira akafika ndi matenda, tengani ya uzamba. Koma momwe mwalembera, zikuoneka kuti chimene chikukusowetsani tulo ndi funso lakuti n'chifukwa chiyani amayi a m'dera limodzi amangofika mochedwa, ataya kale magazi ambiri. Funso lotere ndi la Public Health, ndipo ine ndingakulangizeni MPH, ndiye kuti Masters ya Public Health, yokhala ndi kafukufuku wa umoyo wa mayi ndi mwana.

Kafukufuku wa boma wa DHS wa 2015-16 anapeza kuti amayi 91 mwa 100 alionse amachirira kuchipatala, komabe amayi 439 amamwalira pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, ndipo makanda 27 mwa 1,000 samaliza mwezi woyamba. Amayi anamvera, anasiya kuchirira kumudzi, akubwera kwa ife. Ndiye funso lalikulu tsopano lili pa zomwe amapeza akafika: kodi magazi oti awonjezeredwe alipo, ambulansi ili ndi mafuta, patogirafu (pepala lolembapo momwe kubereka kukuyendera) ikulembedwa nthawi yake kapena ikudzazidwa mwana atabadwa kale? Inu zimenezi mumaziona tsiku ndi tsiku. Sukulu ikupatseni luso lozisandutsa umboni woti bwana wa zaumoyo m'boma kapena wa ku unduna asaukane.

N'chifukwa chake posankha kosi musakopeke ndi dzina lake. Pemphani mndandanda wa maphunziro muone ngati muli epidemiology (maphunziro a kafalikidwe ka matenda) ndi biostatistics (masamu a zaumoyo) zokwanira, komanso ngati mudzagwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta monga Stata kapena R ndi manja anu. Ambiri a ife anamwino masamu timawaopa, ine ndemwe ndinalowa m'kalasi mtima uli phaphapha. Koma chimene chinasintha ntchito yanga ndi chomwechi. Lero ndikatsegula DHIS2, pulogalamu ya pakompyuta yosungira manambala a zipatala, ndimatha kuona kuti chipatala chaching'ono chakuti chikutumiza amayi mochedwa, kapena kuti manambala ake sakugwirizana ndi zomwe zili m'kaundula wa ku matenite. Pamisonkhano younika imfa za amayi, pamene kale tinkangolozana zala, ndimatha kufunsa funso lothandiza.

Tsono kuti kuti? Ine ndingayambe ndi Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), yomwe inapangidwa pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. MPH yawo ili ku Blantyre, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, komwenso kuli bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome. Ku Lilongwe kuli bungwe lina la kafukufuku, UNC Project, pafupi ndi chipatala cha Kamuzu Central. Kuyandikana ndi anthu ochita kafukufuku otere n'kofunika kwambiri, chifukwa kumeneko ndiye mumapeza munthu wokuyang'anirani, nthawi zina ndi mwayi woika kafukufuku wanu wamng'ono mkati mwa wamkulu amene ali ndi ndalama kale. Musaderere zakwathu. Ndondomeko ya Option B+, yopatsa amayi oyembekezera ndi oyamwitsa amene ali ndi HIV ma ARV kwa moyo wonse, inayambira m'Malawi muno mu 2011, mayiko ena n'kutengera. Katemera wa malungo wa ana anayambanso kuperekedwa kuno mu 2019, limodzi ndi Ghana ndi Kenya. Makina a Pumani othandiza makanda kupuma anayesedwa pa Queen Elizabeth pomwepo. Akunja amabwera kudzaphunzira zimenezi kuno.

Zakunja sindikukuletsani, bola pakhale sikolashipu. Musagulitse puloti kapena kutenga ngongole ya katapila kuti mulipire fizi ya ku Britain. Yesani sikolashipu ya Chevening, yomwe imafuna kuti mukhale mutagwira ntchito zaka 2 ndiponso mubwerere kuno kwathu mukamaliza, yesani Commonwealth, komanso Beit Trust yomwe imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Sukulu monga London School of Hygiene and Tropical Medicine ndi Liverpool School of Tropical Medicine zili ndi mbiri yaitali pa nkhanizi, ndipo ya ku London ili ndi maphunziro a pa intaneti oti mungachite muli pantchito, kungoti amalipiritsa m'mapaundi. Ku South Africa onani University of Cape Town ndi University of the Western Cape. Mayeso a Chingerezi a IELTS akonzekereni msanga, amachedwetsa anthu ambiri.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikanakonda wina akanandiuza ndisanayambe. Makalasi amatha, chimene chimakola anthu ndi kafukufuku wa kumapeto. Ine ndinasankha mutu waukulu wofuna kuyenda maboma atatu, ndalama zoyendera ndilibe, ndipo ndinataya pafupifupi chaka ndisanavomere kuuchepetsa. Inu sankhani funso laling'ono la pamalo panu. Mwachitsanzo, mwa ana obadwa masiku asanakwane amene amatuluka m'chipinda cha kangaru (momwe mayi amasunga khanda pachifuwa kuti lifunde), ndi angati amabwereranso kusikelo, ndipo osabwererawo amalephera chifukwa chiyani? Kapena, kuchokera pamene mzamba wa kuchipatala chaching'ono waimba foni mpaka mayi kufika ku fiyeta, pamadutsa maola angati? Mafunso otere mayankho ake ali m'makaundula anu ndi m'kamwa mwa alangizi a zaumoyo. Kumbukiraninso kuti simungayambe kutolera kanthu musanalandire chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, monga COMREC kapena NHSRC, ndipo chimatenga nthawi, ndiye kalata yake ilembeni msanga.

Za tchuthi cha maphunziro kambiranani ndi mabwana anu musanalembetse, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe papepala. Kunyumbanso khalani pansi ndi abambo ndi amene adzakuthandizeni kulera ana, chifukwa masabata a mayeso mudzasowa ndi nthawi yophika yomwe.

Ngati muli ndi mutu umene ukukuzungulirani m'maganizo, ulembeni m'ndime imodzi muutumize muno. Ndiuwerenga, ndipo m'gulu muno muli anzathu ena amene anadutsa ku MPH omwe angathandize kuuwongola musanapite nawo kwa aphunzitsi.