Mwana wanu akufuna kuwerenga chipolopolo, osati kuwombera

Bambo wina wa ku Ulongué, m'boma la Angónia, wandilembera kuti mwana wake wamkazi, yemwe ali m'kalasi 11, wakakamira zodzaphunzira balística, sayansi yofufuza mfuti ndi zipolopolo pa milandu. Iye amafuna mwanayo adzalowe sukulu ya zaulimi ya UniZambeze yomwe ili pa Ulongué pomwepo. Akufunsa kuti ntchito ya mfutiyi ili ndi phindu lanji, nanga mwana wamkazi akaitani.

Bambo, mtima ukhale m'malo. Ntchitoyi ndi ya mu labotale, ndipo maikulosikopu ndiyo imagwiridwa kwambiri kuposa mfuti.

M'kati mwa mpope wa mfuti muli mizere yopindika imene imazunguza chipolopolo kuti chiuluke mowongoka. Chikamatuluka chimakhulana ndi mizereyo n'kutenga zipsera. Khoko la chipolopolo lotsala pansi nalonso limakhala ndi zake: kadzenje pomwe kamsomali kowombera kanamenya, ndi zokanda za kachitsulo kamene kanalikoka n'kulitayira kunja. Zipsera zina zimangouza mtundu wa mfuti. Zina, zing'onozing'ono kwambiri, zimachokera ku kupala kwa kufakitale ndi kutha kwa chitsulo, ndipo izi n'zimene katswiri amasaka. Apolisi akagwira mfuti, katswiriyo amaiwombera m'thanki ya madzi kuti chipolopolo chisaphwanyike, kenako amachiika pambali pa chija chinatoledwa pamalo a mlandu, pa maikulosikopu yoonetsa zinthu ziwiri nthawi imodzi. Njirayi inatchuka ndi Calvin Goddard wa ku America, yemwe anaigwiritsa ntchito pa mlandu wa anthu 7 amene anaphedwa ku Chicago mu 1929.

Kuno kwathu phindu lake silisowa. Nkhondo inatha mu 1992, koma si mfuti zonse zinabwezedwa, n'chifukwa chake mu 1995 bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique linayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Mfuti imodzi ya AKM ikhoza kuvuta ku Moatize mwezi uno, mwezi winawo n'kumveka cha ku Zóbuè, ndipo malire athu ndi Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ndi aatali. Makoko otoledwa m'malo awiriwo akafanana, ofufuza amadziwa kuti milandu iwiri ija ndi ya mfuti imodzi ngakhale mfutiyo isanapezeke. Katswiri yemweyo amathanso kuona, pa onga wotsalira pa chovala, ngati munthu anawomberedwa pafupi kapena patali, ndipo nthawi zina amadzutsa ndi mankhwala nambala ya mfuti imene akuba anaipala.

Koma muuzeni mwanayo izi asanatengeke ndi za pa kanema. Inu a ku Angónia mukudziwa kuti mapazi a ng'ombe yobedwa amakuuzani kumene yalowera, osati dzina la woikusa. Chipolopolo n'chimodzimodzi: chimaloza mfuti, sichiloza chala. Mfuti imabwerekedwa, imabedwa, imagulitsidwa. Woweruza amafunabe mboni ndi umboni wina. Chipolopolo chomwe chamenya khoma kapena fupa chimatha kupindika mpaka osawerengeka, ndipo gogodela, popeza mpope wake ulibe mizere, sasiya zipsera zoterezi. Ngakhale ku America, lipoti la bungwe la asayansi la National Academy of Sciences la mu 2009 ndi lina la alangizi a pulezidenti la mu 2016 anadandaula kuti kunena kuti "ndi mfuti iyi basi" kumadalira kwambiri diso la katswiri. Ine ndimalemekeza katswiri amene amatha kulemba kuti zipsera sizikukwanira, ngakhale akuluakulu akufuna yankho lero. Ngati mwana wanu ndi wa phuma, kapena amavomera zilizonse pofuna kusangalatsa anthu, ntchitoyi imuvuta.

(Apa ndipatukeko pang'ono. Kumudzi kukalira mfuti, ana amathamangira kutola makoko n'kumaseweretsa. Aletseni. Khoko likachoka pomwe linagwera n'kudutsa m'manja mwa anthu, loya wa woimbidwa mlandu savutika kulikana m'khoti.)

Tsopano njira yake. Milandu yotere imafufuzidwa ndi SERNIC, nthambi ya boma yofufuza milandu, yomwe inalowa m'malo mwa apolisi ofufuza milandu a PIC mu 2017. Khomo limodzi ndi ACIPOL, sukulu ya ukachenjede ya apolisi ku Michafutene, m'boma la Marracuene kufupi ndi Maputo, yomwe imatenga omaliza kalasi 12 akapambana mayeso olowera, ndipo amayezanso thupi. Khomo lina, lomwe ine ndingasankhe, ndi digiri ya fizikisi kapena kemisitiri, monga ya ku Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo, kenako n'kudikira mpikisano wa ntchito za boma. Chifukwa changa n'chakuti mipata ya balística ndi yochepa ndipo siili ku Angónia. Wa kemisitiri akapanda kutengedwa akhoza kuphunzitsa, kapena kufunsira ntchito m'malabotale a migodi ya malasha.

Pakadali pano alimbikire masamu, fizikisi ndi kemisitiri. Chipwitikizi asachitaye, chifukwa lipoti limalembedwa m'Chipwitikizi ndipo adzaima m'khoti kuliteteza pamaso pa maloya. Chingerezi chimuthandiza pa mabuku.

Zoti ndi wamkazi zisakudetseni nkhawa, maikulosikopu safunsa zimenezo. Chomwe mukambirane pabanja ndi mtunda ndi ndalama, chifukwa Maputo ndi kutali, pomwe zaulimi angaphunzire akugona pakhomo. Ndikanakhala inu, ndikanadikira zotsatira za kalasi 11. Fizikisi ndi kemisitiri zikatuluka bwino, mulekeni alembe mayeso olowera mbali zonse ziwiri, zaulimi ndi zasayansi, ndipo mudzasankhe muli ndi zotsatira m'manja.