Makodi a hirajoshi pa ukulele: chenjerani ndi nsambo ya G

Achimwene, mwati mumakonda kulira kwa koto ya ku Japan ndipo mukufuna makodi a pa ukulele ochokera mu sikelo ya hirajoshi, koma mukayesa zikumangomveka ngati nyimbo wamba ya mu Am. Ine ndikuona kuti vuto lagona pa nsambo ya G komanso pa dzanja lanu lamanja.

Hirajoshi ndi katchunidwe ka koto, choyimbira cha nsambo 13, ndipo amati anakayambitsa ndi Yatsuhashi Kengyō, woyimba wosaona amene anabadwa mu 1614 n'kumwalira mu 1685. Mukayambira pa A, manoti ake ndi asanu okha: A, B, C, E, F. Kwa inu amene munaphunzira do-re-mi ku kwaya, amenewa ndi la, ti, do, mi, fa. Mulibe re, mulibe so. Kukoma kwake konse kuli poti B ndi C ayandikana ndi fret imodzi (mafret ndi timagawo ta pa khosi la ukulele pamene mumadina nsambo), E ndi F chimodzimodzi, kenako mumalumpha mafret anayi kuchoka pa C kupita pa E, ndi anayi ena kuchoka pa F kupita pa A. Mukangolowetsa D kapena G, mwatseka mipata imeneyi ndipo kakomedwe kachijapani kathera pomwepo.

Tsono onani mmene ukulele amaitchunira: G, C, E, A. Nsambo zitatu zili mu sikelo, koma G mulibe. Ndiye kodi iliyonse imene imasiya G osadinidwa yatuluka kale. C ija ya chala chimodzi (0003: nambala iliyonse ndi fret imene mukudina pa nsambo imodzi, 0 ndi nsambo yosadinidwa) iiwaleni. G, Em ndi Dm nazonso ayi. Ndipo chonde E7 musaikhudze, ngakhale zala zizifuna kuthamangirako mukachoka pa Am. Muli G# ndi D, ndipo imakokera nyimbo yonse ku mayimbidwe a ku Ulaya.

Zotsala ndi zochepa koma n'zokwana. Manambalawa ndikuwerenga kuyambira nsambo ya G mpaka ya A. Am ndi 2000, F ndi 2010, zimenezi mukuzidziwa kale. Tsopano pa Am yomweyo onjezani chala pa fret yachiwiri ya nsambo ya A, ikhale 2002. Apa B ndi C zikulira pamodzi, zikukhulana pang'ono, ndipo kukhulanako musakuope, ndi kumene mukufunafuna. Chitaninso chomwecho pa F, ikhale 2012. Palinso 5500, imene ndi Fmaj7 yokhala ndi nsambo ziwiri zosadinidwa.

Imene ndimaikonda koposa ndi 4400, yomwe ndi Esus4: E, A ndi B basi. Manoti asanu omwewa mukawayambira pa E amapanga sikelo imene Ajapani amaitcha miyako-bushi, ndipo nyimbo yakale ija ya Sakura Sakura ili mmenemo. Katswiri wa nyimbo Fumio Koizumi anafotokoza kuti sikelo imeneyi yamangidwa ndi zigawo ziwiri, E-F-A ndi B-C-E, ndipo manoti a m'mphepete mwa chigawo chilichonse ndi amene nyimbo imapumirapo. N'chifukwa chake 4400 imakhazikika bwino chonchi. Yesani 5500 kenako mutsetsereke fret imodzi kubwerera pa 4400, zala zomwezo osazichotsa. F akugwera pa E, C akugwera pa B. Mathero amenewa amakoma kuposa kumalizira pa Am.

Ngati G ikukuvutanibe, ikwezeni pang'onopang'ono ifike pa A, koma ngati nsambo zanu ndi zakale kwambiri zitha kuduka. Mukatero nsambo zinayi zosadinidwa zikhala Am, F ikhala 0010, Esus4 ikhala 2400.

Za dzanja lamanja tsopano, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya njira. Nyimbo zakale za koto sizinamangidwe pa makodi otsatizana ngati za gitala. Ndi mzere wa manoti, wothandizidwa apo ndi apo ndi nsambo ziwiri zolira limodzi. Woyimba koto amavala zikhadabo pa zala zitatu, chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, n'kumakodola nsambo imodziimodzi. Inunso siyani kukanda nsambo zonse mokwera ndi motsika. Gwirani kodi, kodolani nsambo imodziimodzi ndi chikhadabo pafupi ndi bridge (kamtengo kamene nsambo zamangidwapo kumunsi kwa ukulele) kuti mawu atuluke owuma ndi akuthwa, ndipo lolani noti iliyonse ithe yokha musanayimbe ina. Musathamange.

Poyambira, phunzirani sikelo pa nsambo ziwiri: pa ya E ndi 0 ndi 1, pa ya A ndi 0, 2, 3, 7, 8. Tsikani kuchokera pa 3, 2, 0 ya A, mufike pa 1 ya E, mudikire kamphindi, kenako 0. Mukafika pa E ameneyo ndiye mugwetse 4400 kamodzi kokha ndi chala chachikulu. Mukajambula kavidiyo ikani mugulu muno timve.