Mlandu wa mwana anaupatutsa: nanga akumulondoloza ndani?

Mayi wina wa ku Ndirande wanditumizira imelo. Akulera mwana wa malemu mchemwali wake, mnyamata wazaka 14, amene anagwidwa ataba foni pamsika. Mlandu sunazengedwe. Anauzidwa kuti apepese, abweze foniyo, asamajombe kusukulu, ndipo azikaonekera kwa ofisala wa probation, woyang'anira khalidwe la ana olakwira lamulo, kawiri pamwezi. Mayiyo akufunsa kuti: "Kodi amene akuona ngati mwanayu akusintha ndani? Nanga akaphonya tsiku limodzi, amutengera ku Mpemba?"

Mayi, mtima ukhale m'malo. Zimene zachitikazi ndi zomwe amazitchula kuti diversion, kutanthauza kupatutsa mlandu kuti usazengedwe kukhoti, ndipo zili m'lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la 2010. Mwana akavomera yekha kulakwa, popanda kumuopseza, ndipo mlandu wake usali waukulu ngati kupha kapena kugwiririra, amapatsidwa zoti achite ali pakhomo. Kumalo osungirako ana olakwira lamulo a Mpemba, ku Blantyre, ndi Chilwa, ku Zomba, mwana amapitako khoti litalamula, osati chifukwa waphonya Lachiwiri limodzi. Akalephera zomwe anauzidwa, amayamba amufunsa chomwe chamulepheretsa. Malungo, maliro, kusowa ya minibasi, zonsezo ndi zifukwa zomveka, bola muzinene msanga. Mukakhala chete mpaka akufuneni okha, pamenepo mlandu ungathe kubwerera kukhoti la ana.

Tsono funso lanu loyamba ndi lomwe landikhudza. Papepala, wolondoloza ndi ofisala uja. Koma iye ali ndi ana ambiri, boma lonse, ndipo mwana wanuyo amamuona mphindi zochepa, atasamba, atapisira malaya. Siginecha yapakope imangosonyeza kuti anafika. Sionetsa kuti madzulo amakhala ndi yani.

Ndiye gulani kope lanulanu. Pemphani aphunzitsi a kalasi yake kuti Lachisanu lililonse azilembamo masiku amene wabwera, molingana ndi rejisitala. Inu muzilemba nthawi imene wafika pakhomo, anzake amene akuyenda nawo, ndiponso ngati mwamuona ndi ndalama kapena chinthu chosadziwika kochokera. Zabwino muzilembanso, ndipo muzimuwerengera: tsiku lomwe anatunga madzi osatumidwa, mayeso amene wakhoza bwinoko. Ndikunenetsa zimenezi chifukwa mwana amene amangomva zolakwa zake zokhazokha amasiya kuyesetsa, nkuyamba kubisa.

Chinthu china: sukulu yonse isadziwe. Aphunzitsi mmodzi ndi ahedi akwanira. Anzake akayamba kumuitana kuti wakuba, kujomba kuyambira pomwepo.

Tsiku lokaonekera pitani naye, kope lili m'manja. Funsani ofisalayo tsiku lenileni limene ndondomekoyi ithe, ndipo likafika pemphani kuti akulembereni kalata yoti mwana wakwaniritsa zonse. Muisunge pamodzi ndi chiphaso chake chobadwira.