Kodi chithunzi cholembedwa 7/30 ndi fotokope?

FUNSO: Mwana wanga anandigulira ku Lusaka chithunzi cha amayi akusinja chimanga. M'munsi mwake mwalembedwa 7/30 ndi pensulo. Bambo a kunyumba akuti mwanayo anangomugulitsa fotokope. Kodi n'zoona? Ndine mayi wa ku Katete.

YANKHO: Amayi, auzeni bambowo kuti ayambe augwira mtima. Nambalayo ikutanthauza kuti mmisiri anadinda zithunzi 30 zokha, ndipo chanucho ndi cha nambala 7.

Taganizirani chidindo cha kusukulu. Mmisiri amasema thabwa, kugoba paliponse pamene akufuna kuti padzayere, n'kupaka inki pamwamba potsalapo. Ine ndikamaphunzitsa ana kuno ku Chipata tilibe makina. Timayala pepala pathabwa n'kumatikita ndi kumsana kwa supuni mpaka mkono kuwawa, kenako timasenda pepalalo pang'onopang'ono, ana ali duu kudikira. Zonse zimatuluka motembenuka, choncho dzina lako umalisema chafutambuyo. Henry Tayali, amene anamwalira mu 1987, anali katswiri pa njira imeneyi, ndipo nyumba yoonetsera zaluso ya ku Showgrounds ku Lusaka imadziwika ndi dzina lake.

Njira ina, yotchedwa etching, inki imakhala m'timizere tokumbika. Amapaka phula pachitsulo cha kopa, kujambulapo ndi singano, n'kuchiviika mu asidi yemwe amadya mokandidwamo mokha. Akathira inki n'kupukuta pamwamba, amafinyira pepala lonyowa ndi makina mwamphamvu kwambiri, mwakuti m'mphepete mwa chitsulocho mumasiya kamzere kolowa papepala. Palinso kudinda ndi mwala, njira imene Alois Senefelder anatulukira ku Germany mu 1796: amajambula pamwala ndi choko chamafuta, n'kunyowetsa, ndipo inki imangomata pamafuta pokha. Njira inanso ndi yodindira malaya a kwaya aja: inki amaipyoza pansalu yangati sefa.

Komabe ndisakunamizeni, masiku ano ena amalemba manambala otere ngakhale pa zosindikiza ndi kompyuta, ndipo zimandiwawa chifukwa zimapha msika wa osema. Ndiye chichotseni m'galasi, musambe m'manja, muchiyang'ane chopendeketsa pawindo. Mukaona inki yokhuthala pena, yopyapyala pena, kapena timizere ta thabwa, kapenanso kumbuyo kwa pepala kosalala chifukwa chotikita, chimenecho n'chodinda ndi manja. Fotokope imakhala yofanana paliponse. Mukachiona mundilemberenso, ndipo pochipachika musankhe khoma losawombedwa ndi dzuwa.